Kudikira Kuti Madzi Aphwe

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kwa mlimi wa ku Dedza kapena ku Mchinji mwambiwu ndi woona ndithu, pakuti mvula imene anaipempha ndi yomweyo imene imamuterereza pakhomo. Koma ukatsika zitunda za Thabwa n'kulowa m'chigwa cha Shire, mwambi womwewo umafika wopendekeka. Chikwawa ndi Nsanje ndi maboma a mvula yochepa ndi dzuwa lankhanza. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo zaka zambiri chimanga cha kumtunda chimafota chisanamasule. Matope amene amadzaza nyumba za ku Makhanga ndi kwa Nyachikadza nthawi zambiri amachokera ku mvula imene inagwera ena: paphiri la Mulanje, m'minda ya tiyi ku Thyolo, ku Mwanza, ngakhalenso kutsidya ku Mozambique. Mtsinje wa Ruo umasonkhanitsa madzi a ku Mulanje n'kutsika nawo mwaukali kukakumana ndi Shire pa Chiromo. Ukafika wodzaza umatsekereza Shire, ndipo Shire posowa kolowera amabwerera m'mbuyo n'kumwazikira m'dambo la Elephant Marsh ndi m'midzi yozungulira. Banja likhoza kugona kumwamba kuli nyenyezi zokhazokha, n'kudzidzimuka pakati pa usiku mphasa ikuyandama.

Usiku woterewu ndi umene wailesi ndi nyuzipepala zimaudziwa. Tonse tikukumbuka Januwale wa 2015, pamene Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 15 ali pangozi, anthu pafupifupi 230,000 atasowa pokhala, Ruo atasiya njira yake n'kudzitemera ina, Makhanga atasanduka chilumba chofikako pabwato kapena pahelikopita. Tikukumbuka Malichi wa 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023 amene anathamangitsa m'nyumba zawo anthu oposa 650,000 m'chigawo cha kummwera. Zithunzi za anthu ali pamwamba pa chulu kapena m'mitengo timaziona, timagwira pakamwa, kenako atolankhani amakwera galimoto kubwerera ku Blantyre. Chimene chimatsala m'chigwamo ndi nyengo yaitali imene ilibe wojambula, nyengo yodikira kuti madzi aphwe. Imeneyi ndiyo ndikufuna tiilingalire.

Kumayiko ozizira monga Canada ndi Russia mabanja amakhala kwambiri m'nyumba miyezi ingapo, chipale chitakwirira minda ndi misewu, akudya zosunga ndi kuwerenga masiku mpaka kutenthe. Iwo nyengo imeneyo amaidziwiratu, amaikonzekera, ndipo amaidikira ali m'nyumba zawozawo. Banja la m'chigwa limadikira lili pamudzi pa eni, m'kalasi ya sukulu ya pulayimale, m'tchalitchi, m'tenti, kapena m'mashedi a Admarc ku Bangula, nkhokwe itapita ndi madzi.

Chinthu choyamba chimene msasa umalanda banja ndi kugona pamodzi. Abambo amapatsidwa chipinda chawo, amayi ndi ana chawo. Nzomveka, pakuti palibenso njira ina yosungira ulemu pamene anthu mazana athinana malo amodzi. Komabe taganizani za mwamuna ndi mkazi amene kwa zaka makumi awiri nkhani zonse za pakhomo akhala akuzimaliza usiku, ana atagona. Tsopano ayenera kufuna mthunzi wa mtengo masana dzuwa likuswa mtengo, n'kumanong'onezana za mbuzi ziwiri zimene zapulumuka, ngati azigulitse kwa mavenda amene akutchula mtengo wachipongwe podziwa kuti mwini alibe khola. Mtsikana amene wangotha msinkhu alibe poti n'kubisala. Apongozi amene kumudzi ankapatukirana njira tsopano amaima pamzere umodzi wolandirira ufa. Miyambo imene inkaoneka yolimba imayamba kupindika, ndipo banja lanzeru limailola kuti ipindike pang'ono kuopa kuti ingathyoke.

Ndimachita chidwi ndi mmene ntchito zimadzigawira zokha. Mayi ndiye amasunga khadi la chithandizo, kaya m'thumba lapulasitiki lomangirira pachitenje, ndipo ndiye amadziwa kuti thumba la ufa, nyemba ndi botolo la mafuta ziwafikitsa tsiku liti ngati aphika kamodzi patsiku. Ana amatumidwa kukatola nkhuni kumene eni nthaka sangakalipe. Agogo, amene kumudzi ena ankawaona ngati ongodya, mwadzidzidzi amasanduka munthu wofunika koposa, chifukwa ndiwo amakumbukira chigumula cha kale, amadziwa malo amene madzi amayamba kuchoka, ndipo amadziwa kukonza nyika, timizu ta maluwa a m'madzi timene anthu a ku Nsanje amadya njala ikakula. Kukazula nyika ndi kulowa m'dziwe la ng'ona ndi mvuu. Palibe mayi amene amapitako chifukwa chokonda kukoma kwake.

Bambo ntchito yake ndi kuyang'ana madzi. Kukacha amapita kumene madzi alekezera, nthawi zina amabwereka bwato n'kupalasa mpaka pamene panali mudzi. Ena amazika bango m'mphepete n'kulemba chizindikiro, mawa n'kudzaona ngati madzi atsika chala chimodzi kapena ziwiri. Akabwerako, funso limakhala lomwelo tsiku ndi tsiku.

“Bambo a ana, mwawaona bwanji madzi lero?”

“Atsikako, mayi. Chitsa chija cha msangu chayamba kuoneka.”

“Nanga kudimba?”

“Kudimba ayi. Tipatseni masabata awiri.”

Masabata awiriwo amatha, mvula imagwanso ku Mulanje, chitsa chija chimamiranso. Apa mpamene mtima wa munthu umayesedwa kwenikweni, chifukwa chiyembekezo chimene chaonekera n'kubisalanso chimapweteka kuposa chimene sichinabwere n'komwe. Ndi nthawi imeneyi pamene mikangano imabuka pa zinthu zazing'ono, pa chidebe, pa malo oyala mphasa, pa dzina limene lasowa pamndandanda wa mfumu. Malungo amagwira ana, pakuti madzi oima ndi mudzi wa udzudzu. Matenda otsegula m'mimba amazungulira zimbudzi zochepa. Tisaiwale kuti mliri wa kolera woopsa koposa m'mbiri ya dziko lino unayamba mu Malichi 2022, namondwe Ana atangodutsa. Ndipo maliro akagwa pamsasa, manda a makolo ali pansi pa madzi, banja liyenera kukagwada kwa mfumu ya kumtunda kupempha malo ogoneka m'bale wawo pakati pa alendo. Chisoni chimenechi sichilowa m'malipoti a chithandizo, koma akuluakulu a m'banjamo amachisenza zaka zambiri.

Pamenepa pamabwera alendo ovala bwino ndi mwambi wina m'kamwa: kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu ndimaukonda, koma ndimadana ndi mmene umagwiritsidwira ntchito potontholetsa anthu ovutika. Amene anaupeka anali munthu amene anagwadadi pansi, maso ali pa nkhono, osaphethira, kufikira itatulutsa tinyanga take. Kudekha kwake kunali kwa munthu watcheru, amene akudziwa chimene akudikira ndipo ali wokonzeka kuchiona chikangotulukira. Kudekha kwa banja la pamsasa nkotero. Mayi amene wabisa chitini cha mbewu ya chimanga pansi pa zovala, ana akulira njala, osachikazinga, akudekha mwa mtundu umenewu. Bambo amene akuyenda mtunda wautali kukapempha zingwe za mbatata kwa mnzake wa kumtunda, munda wake udakali nyanja, nayenso akudekha. Kuwauza anthu oterewa kuti adekhe pamene chimene akusowa ndi khasu ndi mbewu, ndi kuwalalikira chimene akuchidziwa kale kuposa mlalikiyo.

Kuti timvetse chimene akudikira, tiyenera kudziwa kuti chigwa cha Shire chili ndi minda ya mitundu iwiri kuyambira kalekale. Kuli mphala, minda ya kumtunda yodalira mvula, kumene amalima mapira, mchewere, thonje ndi chitowe. Ndiye kuli dimba, nthaka ya m'mphepete mwa mtsinje ndi madambo, imene madzi amaimiza m'dzinja n'kuisiya yonyowa ndi yachonde akamachoka. Wolemba mbiri Elias Mandala, m'buku lake la 1990 lonena za chigwachi kuyambira 1859 mpaka 1960, anaonetsa kuti moyo wa Amang'anja unkaima pa miyendo iwiri imeneyi. Mvula ikakana kumphala, dimba linkapulumutsa mudzi. Anaonetsanso chimene chinachitika m'zaka za m'ma 1930, pamene nyanja ya Malawi inakwera, Shire n'kuyamba kutsika ndi madzi ochuluka chaka chonse, madimba ambiri n'kumira osaphwanso. Anthu anataya mwendo umodzi, amuna ambiri anapita kukafuna ntchito kutali, ndipo chuma cha chigwa chinagwedezeka kwa m'badwo wonse. Choncho mantha a banja la pamsasa si akuti madzi abwera, pakuti kubwera amabwera. Mantha ake ndi akuti achedwa kuchoka, nthawi yobzala n'kudutsa.

Madzi akayamba kuphwa, cha mu Epulo kapena Meyi, mlimi amawatsatira pambuyo. Lero abzala pamene pauma, sabata yamawa atsikira pang'ono, kutsata chinyezi mpaka kumtsinje. Chimanga, mbatata, nyemba, khobwe ndi maungu zimamera pa matope omwewo amene anagwetsa nyumba, popanda thumba la feteleza. M'mathamanda otsalira muli milamba ndi makakana. Pofika Ogasiti ndi Seputembala, pamene kumtunda konse kuli fumbi, kudimba kuli chimanga chachiwisi ndi mbatata zodzaza mabwato. Apa ndiye mwambi uja wa mvula ndi matope umatembenuka: m'chigwa muno matope si chilango chokha chobwera ndi mvula, ndiwonso chakudya. Banja limene lataya zonse mu Januwale likhoza kudya zake mu Ogasiti, ngati linali ndi mbewu m'manja pa tsiku loyenera. Likaphonya masabata ochepa amenewo, chinyezi chimathawa, ndipo lidzadalira thumba la chithandizo mpaka chaka chinacho.

Mwambi umene umanenedwa kwambiri pa nkhani ya chigwa ndi wakuti madzi saiwala khwawa. Akuluakulu a boma amautchula pouza anthu kuti asamuke, ndipo kunena zoona sakunama. Kumene madzi anadutsa mu 2015 anadutsanso mu 2019, mu 2022 ndi mu 2023. Njanji imene inaduka pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997 inasiya malo amene anthu anawatcha Mtayamoyo, ndipo dzinalo likufotokoza lokha za kuwoloka pamenepo. Mitsinje monga Mwanza yadzaza mchenga chifukwa mitengo kumapiri inatha, kotero madzi amene kale ankakwana m'khwawa lero amasefukira msanga. Namondwe Ana anaphwasula ngakhale damu la Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 a magetsi, dziko lonse n'kukhala mumdima. Ngati simenti ndi zitsulo zinagonja, nyumba ya zidina ingalimbe bwanji? Mwana aliyense amene wakokoloka chifukwa makolo anakana kuchoka ndi mlandu waukulu, ndipo sindifuna kuupeputsa.

Koma munthu nayenso saiwala khwawa. Kwa zaka zambiri anthu a kwa Nyachikadza akhala akuuzidwa kuti achoke, ndipo ambiri akhala akubwerera. Anthu a m'tauni amawatcha amakani, ena amafika ponena kuti amakonda zolandira. Mawu amenewa amandiwawa, chifukwa amanenedwa ndi anthu amene sanaonepo nthaka imene osamukawo amalozeredwa. Kumtunda kwa Nsanje ndi kouma ndi kwamiyala, ndipo kuli kale eni ake. Malo ambiri abwino a ku Chikwawa ali pansi pa nzimbe za ku Nchalo ndi nkhalango zotetezedwa za Lengwe ndi Majete. Banja likapatsidwa poti limange nyumba popanda poti lilime, lapatsidwa malo ogona ndi njala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: dimba limene likuoneka ndi maso, limene linadyetsa agogo ndi agogo awo, silingasinthanitsidwe ndi lonjezo la pamsonkhano. Kuonjezera apo, mfumu imene yasamutsa anthu ake kupita m'dera la mfumu ina imasanduka mlendo, ndipo manda amatsala opanda wosesa. Izi si zifukwa zopusa.

Chimene mabanja ambiri apeza paokha, popanda wowaphunzitsa, ndi kukhala ndi makomo awiri. Nyumba yeniyeni, ana asukulu ndi nkhalamba zimakhala kumtunda. Kudimba kumakhala chisakasa cha mapesi ndi bango, chimene madzi akachitenga palibe amene amalira. M'chilimwe amphamvu amatsikira kumunda, m'dzinja amakwera. Ndi nzeru yakale ya mphala ndi dimba, yongovala malaya atsopano. Imatheka pokhapokha ngati malo a kumtundawo ali pamtunda woti munthu n'kuyenda kapena kupalasa njinga, ndiponso ngati ufulu wa banjalo pa dimba lake sukutha chifukwa lagona kwina. Ndondomeko iliyonse yosamutsa anthu imene siiganizira zinthu ziwirizi imamanga nyumba zimene pakapita zaka ziwiri mumagona mbuzi. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira ikhoza kudzasintha zambiri ikadzatha, koma banja limene lili pamsasa chaka chino silingaphike lonjezo la ngalande.

Pali chinthu china chimene nyengo yodikirayi imabweza, ndipo ndimachiona ngati chuma. Mandala yemweyo analembanso buku lina mu 2005 lonena za kutha kwa chidyerano, mwambo umene mabanja a pamudzi ankatulutsa nsima zawo n'kudyera pamodzi, kotero kuti wamasiye ndi wosowa sankagona ndi njala poyera. Ndalama ndi umphawi zinaupha mwambowo pang'onopang'ono. Koma pamsasa, pamene mafuwa ndi ochepa ndipo mphika umodzi ukuzungulira mabanja atatu, kanthu kena ka chidyerano kamadzukanso. Mayi amene mwana wake wagonekedwa kuchipatala amapeza ana ake otsala atadya. Amang'anja, Asena ndi abale ochokera kutsidya kwa Shire ku Mozambique, amene madzi sawafunsa chiphaso, amagawana mchere. Anthu a ku Nsanje zimenezi si zachilendo kwa iwo, pakuti m'zaka za m'ma 1980 analandira othawa nkhondo ochuluka zedi n'kugawana nawo minda ndi zitsime. Sindikunena kuti pamsasa ndi pabwino. Pali kuba, pali akuluakulu ena amene amadyera masuku pamutu atsikana chifukwa cha thumba la ufa, ndipo zimenezi ziyenera kutchulidwa ndi kulangidwa. Ndikungoti mutu umodzi susenza denga, ndipo anthu amene denga lawo lapita ndi madzi amaudziwa mwambiwu ndi thupi lawo lomwe.

Ana ndiwo amalipira mtengo umene suoneka msanga. Sukulu ikasanduka msasa, maphunziro amaima kwa ana a othawa madzi ndi ana a eni mudzi omwe. Mabuku ananyowa, yunifolomu inapita, ndipo mayeso a Sitandade 8 sadikira kuti Shire atsike. Mtsikana amene wakhala miyezi itatu osalowa m'kalasi, kunyumba kulibe chakudya, amayamba kumva mawu a mwamuna amene ali ndi njinga yamoto. Banja likamabwerera kumudzi limawerenga mbuzi ndi nkhuku zimene zatayika, koma chaka cha sukulu chimene chatayika sichiwerengedwa ndi aliyense.

Tsiku lobwerera likafika silikhala la nthungululu. Pamene panali nyumba pali mulu wa dothi, chitsime chadzaza matope, njoka zabisala m'zinyalala zimene madzi anaunjika, ndipo malire a minda afafanizika kotero kuti mfumu imakhala ndi milandu mwezi wathunthu. Nthawi zina mtsinje umasiya mchenga wokhawokha pamene panali nthaka yakuda, munda n'kufa. Komabe mudzaona mayi akuyamba ndi kusesa, ngakhale palibe khoma loti atsamire. Mudzaona bambo asanadule n'komwe mitengo ya chisakasa akuthamangira kudimba ndi khasu lobwereka, chifukwa nyumba ikhoza kudikira koma chinyezi sichidikira. M'mera mpoyamba. Banja limagona panja masabata angapo kuti mbewu ilowe m'nthaka pa nthawi yake, ndipo amene angaone ngati asokoneza zoyamba ndi zomaliza sakudziwa chigwa.

Nchifukwa chake ndikulankhula kwa inu a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, a makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, a mipingo ndi mabungwe, ndi inu nonse amene mumasonkha zovala ndi ufa mukamva kuti kuchigwa kwasefukira. Zimene mumatumiza mu Januwale ndi Febuluwale zimapulumutsa miyoyo, ndipo musaleke. Koma musatseke mabuku anu tsiku limene msasa watsekedwa. Mbewu ya chimanga chocha msanga, zingwe za mbatata, nyemba ndi makasu zifike m'manja mwa mabanjawa madzi asanaphwe, mu Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo, osati mu Julayi nthaka itang'ambika kale. Ndipo pokambirana za malo osamukira, khalani pansi ndi eni madimba, amayi alipo, muyambe mwawafunsa kuti kuchokera pamalo atsopanowo kukafika kumunda ndi ulendo wa maola angati.